Naintini wa ku Wandara

Inu amene mukuganiza kuti dzina likadetsedwa ladetsedweratu, khalani pansi ndikuuzeni za Kelvin Noske. Sindikunena zongomva. Ine ndine Beryl Tischler, ndipo bolodi la zigoli pabwalo la mpira la Wandara ndaligwira zaka makumi anayi ndi zitatu. Manambala ake ndi a malata, amadula zala kukazizira, koma palibe malo oonera anthu bwino kuposa pamwamba pamenepo.

Tsiku limene Kelvin anagwa linali la fainolo, mu Seputembala wa 1996, pabwalo lathu lomweli. Wandara inali itatha zaka makumi awiri osanunkhako chikho. Pamene gawo lachinayi, lotsiriza, limayamba, ife tinali ndi mapointi 71, adani athu a tauni yoyandikana ya Tolmara 37. Amuna anali atayamba kale kutsegula mowa wa chikondwerero.

Mpira usanayende ngakhale mphindi ziwiri, kaputeni wa Tolmara, Trevor Kube, anathamangira kwa woyimbira masewero akukuwa.

"Awerengeni awa! Achuluka!"

Mu mpira wathu wa ku Australia kuno, timu imalowetsa anthu khumi ndi asanu ndi atatu. Kaputeni akakayika ali ndi ufulu woimitsa masewero kuti adani ake awerengedwe. Masiku amenewo, timu ikapezeka ndi munthu mmodzi wowonjezera, mapointi ake onse ankafufutidwa.

Anyamata athu anawaimika pamzere pakati pa bwalo ngati nkhosa zokagulitsa. Woyimbira anawerenga, nabwerezanso. Anali khumi ndi asanu ndi anayi. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kukweza dzanja. Ndinachotsa 7, ndinachotsa 1, ndinapachika ziro. Chikho chinapita ku Tolmara.

Wowonjezerayo anali Kelvin, mnyamata wa zaka makumi awiri amene anakhala pa benchi magawo atatu onse. Iye ankati anangotsatira kabolodi ka kochi, kamene amamatapo timaginito ta mayina posonyeza amene akulowa ndi amene akupuma. Ankalumbira kuti pa nthawi yopuma anaona kamaginito ka dzina lake kali m'bwalo. Kochi anakana kuti sanakasunthe. Pamene anthu amati akaone, kabolodiko kanali katamenyetsedwa kale kukhoma ndi mkwiyo, timaginito titamwazika pansi pa mabenchi.

Ndiye mafunso anayamba. Kodi Trevor anawerenga bwanji anthu othamanga m'mphindi ziwiri zokha? Anamutsina khutu ndani? Nanga Kelvin sankayenda ndi Leanne, mlongo wake wa Trevor yemweyo? Sitinachedwe kupeza yankho, chifukwa yankholo tinali nalo kale m'mitima.

Ndinenenso ichi, ngakhale chimandichititsa manyazi. Akanakhala mwana wa mlimi wa minda ikuluikulu ya tirigu, tikanati mwana walakwitsa. Koma Kelvin analibe womuyankhulira. Bambo ake anali wometa nkhosa amene anapita kukameta chaka china osabwereranso, mayi ake anamwalira iye ali kusukulu, ndipo anakulira kwa azakhali ake m'kanyumba ka kuseri kwa nkhokwe za tirigu.

M'chipinda chosinthira, wapampando wa kalabu, bambo Merv Dunstan, anamuimirira pamaso.

"Vula jeziyo uisiye apa, mthirakuwiri iwe. Ukavale ya alamu ako."

Kelvin anavula, anaipinda bwinobwino, natuluka ndi kamalaya ka m'kati kokha kunja kukuzizira. Palibe amene anamutsatira. Ine nkhani imeneyi ndinaikhulupirira, ndipo ndinathandiza kuifalitsa.

Ku Wandara moyo wake unatha pomwepo. Kunkhokwe za tirigu kumene ankagwira ntchito anamuuza kuti ntchito yachepa. Akalowa m'sitolo anthu ankasiya kuyankhula. Khirisimasi isanafike anachoka, ndipo atakwatira Leanne chaka chotsatira, tonse tinagwedeza mitu. "Mwaona? Malipiro ake ndi amenewo."

Anawoloka malire kupita ku South Australia, kumtsinje kumene amalima malalanje ndi mphesa, nayamba ntchito yothyola zipatso. Ankaganiza kuti kumeneko palibe womudziwa. Koma mlandu suola, ndipo nkhani ya mpira imayenda msanga kuposa galimoto. Tsiku loyamba kulowa m'bwalo ndi timu yake yatsopano, ochemerera a mbali ina anayamba kuwerenga mokweza: "Sevenitini! Eyitini! Naintini!" Dzina linamumata pompo.

Chaka choyamba anamenya munthu chibakera chifukwa cha dzinalo, namuletsa kusewera masabata anayi. Anabwera kunyumba n'kuponya nsapato za mpira m'bini. Leanne anazitola, nazitsuka, naziika patebulo.

"Ukati uzimenya aliyense wokutcha Naintini, manja ako atha anthu asanathe," anatero mkaziyo. "Alekeni aziwerenga. Iwe uzikatola mpira."

Anamvera. Kelvin sanali wamtali, sanalinso waliwiro, ndipo kudumpha pamsana pa anzake kuti awakhe mpira m'mwamba sikunali kwake. Chimene anali nacho chinali kulowa pansi pa mulu wa anthu, pamene ena amateteza nkhope, n'kutuluka ndi mpira. Mphuno anathyoka katatu. Mano akutsogolo awiri anatsala pabwalo lina kumeneko. M'mawa ankathyola malalanje, madzulo ankathamanga m'mizere ya mitengo mpaka miyendo kukana.

Anasewera masewero oposa mazana awiri. Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi atatu, oyimbira masewero, amene amaponya mavoti awo m'maenvulopu omata pakutha pa masewero aliwonse, anamusankha kukhala wosewera bwino ndi mwachilungamo kuposa onse mu ligi imeneyo. Nkhani itafika ku Wandara, bambo Dunstan anangoti, "Mwachilungamo? Oyimbira a kumeneko sadziwa kuwerenga."

Bondo litamukana, anayamba kuphunzitsa. Anatenga timu imene inali kumchira zaka zisanu zotsatizana, ndipo chaka chachinayi anailandiritsa chikho. Ifeyo sitinamuyamikire. Tinkati ngakhale fisi amanenepa.

Pamene iye amakwera, Wandara inali kutsika. Chilala chinabwera n'kukhalitsa. Alimi ang'onoang'ono anagulitsa minda kwa aakulu, ndipo munda umene unkadyetsa mabanja asanu tsopano unkalimidwa ndi munthu mmodzi ndi thirakitala. Banki inatseka. Achinyamata anapita ku Melbourne. Pofika 2016 timu yathu inali itatha zaka ziwiri osapambanako, ndipo kochi anathawa nyengo isanathe.

Komiti inalengeza m'nyuzipepala kuti ikufuna kochi. Kalata inabwera imodzi yokha, ya Kelvin Noske.

Musaganize kuti tinasangalala. Trevor Kube, mlamu wake uja, tsopano anali wapampando wa Tolmara, ndipo ankanena poyera kuti Wandara ingotseka, osewera ake otsalawo alowe ku Tolmara. Ndiye mwadzidzidzi mlamu wa Trevor akufuna kudzatithandiza? Galu wamkota sakandira pachabe.

Bambo Dunstan, atakalamba koma adakali pampando, anamufunsa pamaso pa komiti yonse.

"Wabwerera chiyani, iwe?"

"Kuno ndi kwathu, bambo Dunstan."

"Kwanu kunakupirikitsa."

"N'chifukwa chake ndabwera ndekha, osadikira kuti mundiitane."

"Wakutuma ndani?"

"Mukapeza wina wofuna ntchitoyi, mupatseni. Ine ndibwerera lero lomwe."

Wina kunalibe. Tinamupatsa ntchito ngati mmene munthu amamwera mankhwala owawa, maso ali pa iye.

Ligi yathu inali ndi lamulo lakuti timu ikalephera katatu pa chaka kubweretsa osewera osachepera khumi ndi asanu ndi mmodzi, imachotsedwa. Mu Meyi, nthawi yofesa tirigu, amuna ali pa mathirakitala ndipo ena atavulala, tinalephera kawiri. Kunatsala kamodzi kokha. Aliyense ankadziwa kuti kalabu ikafera m'manja mwa Kelvin, nkhani ya 1996 idzakhala yatsimikizika, ndipo ngakhale adzukulu ake sadzaichotsa.

Choipitsitsa chinali chakuti chilichonse chimene timakonza chinkafika ku Tolmara. Kelvin anauza komiti kuti wapeza anyamata awiri apachibale ochokera kutauni ina oti adzatisewerere. Pasanathe sabata, Tolmara inali itawalembetsa. Anapezanso mphunzitsi wina wasukulu wodziwa mpira, ndipo nayenso Tolmara inamufikira msanga. Tinkayang'anana. Ndani wina amene amadya nkhomaliro ya Lamlungu ndi Trevor Kube?

Kenaka Kelvin anasiyiratu kuuza komiti chilichonse. Lolemba ndi Lachitatu lililonse, cha m'ma folo koloko, pikapu yake inkatuluka m'tauni kulowera msewu wa ku Tolmara. M'chipinda chosungira katundu munasowa mipira isanu ndi umodzi ndi thumba la majezi akale. Amene anazindikira ndine, chifukwa diso langa silidumpha kanthu.

Lachitatu lina mu Juni ndinati basi, lero ndimugwira. Ndinakwera kagalimoto kanga n'kumutsata patali. M'mutu ndinali nditakonza kale mmene ndikafotokozere anthu.

Atayenda makilomita makumi awiri anasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Kumeneko kuli bwalo la mudzi wina umene unafa kalekale. Kalabu yawo inatseka ine ndili mtsikana, koma mizati inayi ya mbali imodzi idakali chiimire, ndipo udzu amadya nkhosa. Ndinaimika galimoto kuseri kwa mitengo n'kuyenda chowerama, nkhalamba yonse ine.

Pabwalopo panali amuna asanu ndi atatu atavala majezi athu akale. Ndinawazindikira. Anali ogwira ntchito kufakitale yophera nkhosa, ena ochokera ku Fiji, ena ku South Sudan, anthu amene tinkakumana nawo m'sitolo zaka zingapo osawafunsa ngakhale dzina. Kelvin ankawaphunzitsa kupatsirana mpira poumenya ndi chibakera.

"Osauponya, Jone! Uwu si mpira wa ragibe wa kwanu ku Fiji. Ukauponya, woyimbira aupereka kwa adani. Ugwire dzanja ili, umenye ndi ili."

"Akochi, mpira wanuwu anaupanga munthu woledzera," anayankha Jone, mkulu wa chifuwa ngati chitseko. "Ukagwa pansi sudziwa kumene ukupita."

"Nanenso zaka makumi atatu sindinaudziwe. Bwerezanso."

Amene anandiona anali wamtali kuposa onse, Gatluak. Analoza kumene ndinabisala.

"Akochi, kuli agogo ena kuseri kwa mtengo uko. Ndi anu?"

Kelvin atandiona nkhope yake inagwa. Sanakwiye ayi, anachita mantha. Anabwera pang'onopang'ono akutsimphina.

"Anti Beryl. Pa anthu onse a ku Wandara, mpaka inu?"

"Eya, ine. Ukubisiranji zimenezi? Kapena ukuwaphunzitsira alamu ako ndi mipira yathu?"

"Awa ndi a Wandara. Makalata awo ndinatumiza kale ku ligi. Loweruka la sabata yamawa tikukumana ndi Tolmara, ndipo athanzi tili nawo khumi ndi awiri okha. Awa akapanda kubwera, kalabu yatha."

"Ndiye bwanji osauza komiti, anthu apume?"

"Kapitawo wawo kufakitale ali mu komiti ya Tolmara. Ndandanda ya ogwira ntchito Loweruka amaikhoma Lachinayi. Akangomva tsikulo lisanafike, onse asanu ndi atatuwa awaika pa ntchito. Tikadutsa Loweruka limeneli, ovulala athu ayamba kubwerera."

"Nanga akamva bwanji, ngati si iwe wokauza mlamu wako?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza ngati ndingapirire.

"Anti, Lachisanu lililonse mumapita kuti?"

"Kusaluni kwa mng'ono wanga Noreen."

"Saluniyo ili kuti?"

Yankho tonse awiri tinkalidziwa. Ili ku Tolmara.

"Mkazi wa Trevor amakonzetsa tsitsi Lachisanu lomwelo, mpando woyandikana ndi wanu. Za anyamata awiri aja anamva kwa inu. Za mphunzitsi uja anamvanso kwa inu. Anachita kuuza Leanne akuseka, akuti Tolmara siisowa kazitape bola Beryl ali moyo."

Abale anga, zinali zoona. Miyezi itatu ndakhala ndikusaka wotiulula, ndikuloza mwana wa eni chala, osadziwa kuti ndimamupesa tsitsi m'galasi m'mawa uliwonse. Sindinkachita dala. Ndinkangocheza, monga ndachezera moyo wanga wonse. Ndinalira pomwepo, pamaso pa amuna asanu ndi atatu osawadziwa.

"Bwanji sunanene?" ndinamufunsa. "Anthu akuti ndiwe."

"Ndikudziwa mmene zimakhalira tauni ino ikalozera munthu chala. Ine ndinazolowera. Inu simungathe." Kenaka anawonjezera, "Ndikupempha chinthu chimodzi. Masiku asanu ndi atatu okha, tsekani pakamwa."

Mukanandidziwa mukanamvetsa kuti anandipempha chinthu chachikulu. Lachisanu limenelo sindinapite kusaluni, koyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Noreen anaimba foni katatu.

"Achemwali, mwadwala?"

"Chimfine."

"Mawu anu sakumveka a chimfine. Kwachitika chiyani kumeneko? Mukundibisira."

Ndinadula foni.

Koma ena anali ataionanso pikapu ija pa msewu wa ku Tolmara. Lamlungu masana bambo Dunstan anaitanitsa msonkhano m'holo ya kalabu, ndipo tauni yonse inabwera. Mkuluyo anaimirira atatsamira ndodo.

"Ngati kalabu iyi ikufa, ndiitseka ndine ndi manja anga. Sindilola kuti Noske akaipereke kwa alamu ake pa mbale. Ndikupempha komiti imuchotse lero." Anatembenukira kwa Kelvin. "Pokhapokha utiuze kumene umapita Lolemba ndi Lachitatu."

Kelvin anaimirira. "Loweruka tikwana, bambo Dunstan. Zina sindinena."

"Tikwana ndi ndani? Nkhosa?"

"Sindinena."

Holo inaphulika. "Naintini! Wayambanso!" "Mipira yathu ili kuti?" "Achoke!" Leanne anakhala kumbuyo, nkhope ili gwa, ngati munthu amene anazimvapo kale zonsezi.

Ine ndinali pakati pa moto. Ndikanena zimene ndinaona, Kelvin ayera pomwepo, koma pofika mawa kapitawo uja akhala atamva, chifukwa m'holomo munali anthu okwatira ndi okwatiwa ku Tolmara osachepera khumi. Ndikakhala chete, amuchotsa, ndipo amuna asanu ndi atatu aja sangabwere kudzasewerera anthu amene sanawapatseko moni. Nkhani inali pakhosi penipeni, ikufuna kutuluka yokha.

Ndinaimirira.

"Merv, khala pansi kaye. Amene wakhala akunyamula nkhani zathu kupita nazo ku Tolmara ndine. Kusaluni kwa Noreen, ndi kamwa langali. Si mwana uyu."

Munthu wina anaseka, koma anasiya msanga.

"Chachiwiri, Lachitatu ndinamutsatira. Ndikudziwa kumene amapita, ndipo ndinaona chimene amachita."

"Tiuzeni, anti Beryl!"

"Sindikuuzani."

Anthu anayang'anana modabwa. Kenaka Col Brandt, wogulitsa nyama, anati, "Beryl Tischler akusunga chinsinsi? Anthuni, lapani, dziko latha."

Bambo Dunstan sanaseke. Anandiyang'ana ndi diso lokayika lomwe lija. "Wakupatsa chiyani, Beryl?"

"Manyazi, Merv. Wandipatsa manyazi. Tinakulira limodzi ine ndi iwe. Unandionapo nditakhala ndi nkhani masiku anayi osaitulutsa? Mupatseni mpaka Loweruka. Tikapanda kukwana, mumuthamangitse, ndipo ine ndikwera naye pikapu yomweyo."

Komiti inaponya mavoti. Asanu anati adikire Loweruka, anayi anati achoke. Bambo Dunstan anali mwa anayiwo.

Sabata imeneyo inali yaitali kuposa chilala. Anthu amene sanandiyenderepo chibadwire anabwera ndi makeke. "Tangodutsa, anti, timati tikuoneni." Ndinkalandira keke, n'kutseka chitseko. Ena anayamba kunena kuti ine ndi Kelvin tagwirizana, ena amati ndayamba kusokonezeka mutu. Apo m'pamene ndinalawa pang'ono chabe chimene mnyamata uja anadya zaka makumi awiri.

Loweruka linafika. Masewero amayamba thu koloko. Itakwana hafu pasiti wanu, m'chipinda chosinthira munali anthu khumi ndi awiri. A Tolmara anali akuthamanga kale m'bwalo, ndipo Trevor Kube anali ataima pafupi ndi mlembi wa ligi, manja m'thumba. Bambo Dunstan anakhala pageti, wotchi m'manja. Ine pamwamba pa bolodi ndinkayang'ana msewu, ndipo ndisaname, kukayika kunandibwereranso. Bwanji ngati kapitawo uja wamva? Bwanji ngati zonse zija zinali sewero loti andipusitse ine nkhalamba?

Kutatsala mphindi makumi awiri, fumbi linaoneka. Inali minibasi yoyera, ndipo pambuyo pake panali magalimoto ena atatu odzaza akazi ndi ana. Gatluak anatsika woyamba, atawerama kuti mutu usagunde chitseko, nayenda mpaka pageti.

"Moni, bambo. Akuti osewera salipira pakhomo. N'zoona?"

Bambo Dunstan anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu. "Osewera a timu iti?"

"Ya Wandara."

Mkuluyo anasuntha, nawapatsa njira.

Trevor anathamangira kwa mlembi wa ligi. "Awa ndi ndani? Onetsani makalata! Awa ndi obwereka awa!" Mlembi anatsegula buku, nawerenga mayina asanu ndi atatu limodzi ndi limodzi. Onse anali olembetsedwa. Trevor anatembenukira kwa Kelvin.

"Alamu, ndinadya nanu Lamlungu lapitalo, osandiuza?"

"Munkadya bwino, alamu. Sindinafune kukutsamwitsani."

Nkhani zolimbikitsa zimafuna ndinene kuti tsiku limenelo tinapambana. Ayi, tinagonja ndi mapointi makumi asanu ndi limodzi. Jone anauponya mpira ngati wa ragibe kanayi konse, ndipo mnzake wina anathamanga nawo theka la bwalo osaugunditsa pansi monga lamulo limafunira, woyimbira akuliza wezulo pambuyo pake. Koma tinasewera, ndipo kalabu sinafe. Sindinapachikepo manambala ogonja ndi mtima wokondwa chotero.

Kupambana kunabwera mu Ogasiti, patatha masabata asanu ndi awiri. Tinali kumbuyo ndi mapointi atatu, nthawi itatsala pang'ono, pamene Gatluak anadumpha pamwamba pa anthu anayi n'kuwakha mpira pafupi ndi mizati. Lipenga lotsekera linalira mpira uli m'manja mwake, koma lamulo limalola wowakha mpira kuumenya ngakhale nthawi itatha. Anabwerera m'mbuyo, anapuma, naumenya pakati penipeni pa mizati iwiri yaitali. Mapointi asanu ndi limodzi. Ndinatsika makwerero a bolodi ngati mtsikana.

Kwathu kuno timu ikapambana, osewera amalowa m'chipinda chosinthira, amagwirana m'mapewa mozungulira n'kuimba nyimbo ya kalabu. Amene akupambana koyamba ndi kalabuyo amakankhidwira pakati, anzawo n'kumawathira zakumwa kumutu. Tsiku limenelo tauni yonse inadzazana m'kachipindako, ndipo pakati panali podzaza kuposa m'mbali.

Kelvin anaima pakhomo, kunja kwa bwalo la oimbawo, manja atapinda. Ine ndinali pambali pake pamene bambo Dunstan anafika ndi ndodo yake. Anaima, akupuma movutikira.

"Noske."

"Bambo Dunstan."

"Mpaka lero sindikudziwa chimene chinachitika tsiku lija."

"Ndinakuuzani tsiku lomwelo. Ndilibe china chowonjezera."

"Mwina unanena zoona, mwina unanama. Ndifa osadziwa." Mkuluyo anayang'ana anyamata oimbawo. Kenaka anandipatsa ndodo kuti ndimugwirire, anaika manja onse awiri pamsana pa Kelvin, namukankha ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi mwake.

"Tsegulani njira! Uyu ndi wathu, lero wapambana koyamba ngati kochi wa Wandara. Lowa pakati, mwanawe!"

Anyamata anamukokera m'kati. Anayambiranso nyimbo pachiyambi, ndipo bambo wa zaka makumi anayi, wa mphuno yokhota ndi bondo lakufa, anaima pakati pawo atanyowa thupi lonse, akulira mosabisa.

Kelvin anaphunzitsa Wandara zaka zisanu ndi ziwiri. Palibe umboni umene unatuluka womuyeretsa, ndipo alipo ena m'tauni muno amene amatsitsabe mawu akamatchula dzina lake. Iye sanadikire umboniwo.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi dzina limene anakupatsani anthu pa tsiku lanu loipitsitsa. Mwina simudzapeza mboni, ndipo mwina amene anakunamizirani sadzapepesa. Musakhale pansi kudikira kuti akukhulupirireni kaye. Gwirani ntchito yanu pamaso pawo, chaka ndi chaka, mpaka manja amene anakukankhirani kunja adzakukankhireni m'kati. Ndikunena ine, mmodzi wa okankhawo. Mtima wanuwo musautaye.